Kunyika Nsalu za Batiki Pakhomo: Mmene Mungapewere Moto ndi Mankhwala Owotcha

Batiki ndi luso lojambula pansalu ndi phula losungunula kenaka n'kuinyika mu utoto. Pamene padutsa phula utoto sulowapo, choncho phulalo likachotsedwa maluwa amatsala oyera kapena a mtundu umene nsalu inali nawo poyamba. Kwawo kwa lusoli ndi pachilumba cha Java ku Indonesia, kumene amalemba pansalu ndi kachipangizo ka mkuwa kokhala ndi kamlomo kotchedwa canting, ndipo mu 2009 bungwe la UNESCO lidalemba batiki wa ku Indonesia m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Zitenje timavalazi n'zidzukulu zake. Mafakitale a ku Holland adayamba kutengera batiki ndi makina m'zaka za m'ma 1800, nsaluzo zidakondedwa kumadzulo kwa Africa, mpaka maluwa a mtundu umenewo adafika kuno.

Ntchitoyi imatheka pakhomo, koma vuto lake lagona pakuti zonse zimene mugwiritse ntchito zimaoneka ngati za kukhitchini. Pali poto, pali mbaula, pali supuni ndi mchere. Phula likasungunuka limaoneka ngati madzi. Mankhwala ena okhwimitsira utoto ndi timibulu toyera tosasiyana ndi shuga. Munthu wozolowera kuphika amagwira zinthuzi ndi manja a kuphika, ndipo ndi pamenepo ngozi zambiri zimayambira. Malangizo ali m'munsiwa akutsata ntchitoyi mmene imayendera, kuyambira posankha malo mpaka potaya madzi otsala.

Choyamba: malo ndi ziwiya

Gwirirani ntchito panja kapena pakhonde lopita mphepo, pansi pa simenti kapena dothi losesa bwino. Pasakhale pansi pa denga laudzu, pafupi ndi mulu wa nkhuni, kapena pomwe pamayanikidwa ufa. M'khitchini musalowe nazo n'komwe. Ngati mvula yakukakamizani kulowa m'nyumba, ntchito ya mbaula iyambe yaima, chifukwa makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha ndipo suoneka.

Malowo agaweni pawiri: mbali ya moto ndi mbali ya madzi. Phula ndi mbaula zikhale uku, ndowa za utoto zikhale uko, kutalikirana mayendedwe angapo. Ngati mpata ulipo, ndi bwino kungopatula masiku, lero kujambula ndi phula, mawa kunyika. Munthu amene ali ndi magolovesi onyowa sayenera kuthamangira poto wa phula.

Ziwiya zonse zikhale za ntchito yokhayi. Poto, ndowa, supuni, mthiko, kapu yoyezera, chilichonse chimene chakhudza utoto kapena mankhwala chisabwererenso ku zakudya ngakhale mutachikwecha ndi mchenga. Zilembeni ndi penti kuti aliyense pakhomo azizidziwa, pakuti mwana wotumidwa kukatunga madzi amangonyamula ndowa imene ili pafupi. Za utoto gulani zapulasitiki yolimba. Mapoto athu ambiri ndi a aluminiyamu, ndipo aluminiyamu sagwirizana ndi mankhwala a utoto, nkhani imene tiifike kutsogoloku.

Musanayatse moto ikani pafupi zinthu zitatu: chivundikiro chachitsulo chokwana bwino pa poto wa phula, ndowa ya mchenga wouma, ndi zigubu ziwiri za madzi oyera ozizira. Mchenga ndi chivundikiro ndi za moto. Madziwo si a moto ayi, ndi a thupi lanu mukapsa kapena mankhwala akakugwerani. Pomwe mpopi umangouma osatsanzika, musayambe ntchito madziwo musanatunge.

Chachiwiri: chovala

Valani za thonje, zothina pang'ono, zamanja aatali. Nsalu za nayiloni ndi poliyesitala, zimene zadzaza m'kaunjika, zikagwira moto zimasungunuka n'kumamatira pakhungu. Chitenje chimangidwe zolimba, nsonga yake isalendewere ku mbaula. Tsitsi lowonjezera, kaya ndi meshi kaya wigi, limayaka msanga, choncho limangeni kumbuyo n'kuvala duku. Kumapazi nsapato zotseka kapena jombo, osati patapata, pakuti dontho la phula limafuna phazi.

Ndipo mwana asakhale kumbuyo. Mayi akawerama pa poto kapena pa ndowa, mwana wobereka amasuzumira paphewa, dzanja lili kutsogolo. Pezani womugwira kaye. Ana oyenda nawonso akhale ndi wowayang'anira kutali ndi malowo, pamodzi ndi nkhuku ndi agalu zimene zimagubuduza zinthu.

Chachitatu: kusungunula phula

Apa ndiye pofunika kudekha kwambiri. Phula la batiki nthawi zambiri limakhala losakaniza mitundu iwiri. La njuchi ndi lofewa, limamatira nsalu bwino ndipo silisweka. La makandulo ndi louma, limathetheka, ndipo ming'alu yake ndi imene imalowetsa utoto n'kupanga timizere tija timakongoletsa batiki. Mukaona malangizo olembedwa kunja akutchula paraffin wax, akunena phula la makanduloli, osati palafini wa munyale. Palafini wa munyale asayandikire ntchitoyi.

Phula la njuchi limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, la makandulo nthawi zambiri mocheperapo. Likafika cha m'ma 200 nthunzi yake imagwira moto. Pakati pa manambala awiriwa pali mtunda wautali, koma pa makala oyaka bwino poto wamng'ono amaudutsa m'kanthawi kochepa, ndipo phula silichenjeza. Madzi akatentha amabwata, mumamva ndi khutu. Phula limangokhala phee, lili mbee ngati silinatenthe, kenaka utsi, kenaka lawi.

Njira yotetezeka ndi ya mapoto awiri. Thirani madzi m'poto wamkulu, phula liikeni m'chitini kapena m'kapoto kakang'ono, n'kukhazika kapotoko m'madzimo. Malinga ngati madzi alimo, phula silingatenthe kupitirira madzi owira, ndiye kuti madigiri 100, ndipo malo okwera ngati Lilongwe madzi amawira asanafike n'komwe pamenepo, cha pa 96 kapena 97. Pansi pa kapoto ikani timiyala tophwatalala kapena chivundikiro chakale cha chitini kuti kasagunde chitsulo cha poto wamkulu. Kapotoko kasadzaze, theka ndi lokwanira, ndipo kakhale kolemera kapena komangidwa ndi waya kuti kasayandame n'kupendekeka. Yang'anani madzi pafupipafupi ndi kuwonjezera otentha, chifukwa akaphwa chitetezo chonse chatha.

Odziwa ntchitoyi ena amadandaula kuti phula la m'madzi silitentha mokwanira kulowa nsalu yokhuthala, ndipo sakunama. Ambiri a iwo amafuna madigiri 110 kapena kuposerapo pang'ono, zimene zimatheka bwino ndi poto wamagetsi wokhala ndi kowongolera kutentha. Koma wongoyamba kumene, amene ali ndi mbaula basi, ndi bwino asankhe nsalu yopyapyala ya thonje kusiyana ndi kukhazika phula pa makala penipeni. Chizindikiro chakuti phula latentha bwino mumachiona pansalu: limalowa, pamalopo pamaoneka ngati panyowa, ndipo mukatembenuza mupeza latulukira kuseri. Likakhala pamwamba loyera ngati kandulo yodontha, lazizira. Likayamba kufuka, latentha mopitirira, chotsani moto nthawi yomweyo.

Utsi wa phula musauone ngati fungo chabe. Phula lopsa limatulutsa mpweya wotchedwa acrolein, womwe uja umalasa m'maso mafuta ophikira akapserera, ndipo umapweteka kukhosi ndi m'mapapo. Mukamva maso kuyabwa kapena mutu kulemera pamene mukujambula, ndiye kuti phula latentha kwambiri kapena mphepo siikudutsa. Khalani kumene mphepo ikuchokera kuti nthunzi izipita kutali nanu.

Madzi asadonthere m'phula. Dontho limodzi likagwera m'phula lotentha kuposa madzi owira limasanduka nthunzi pansi pake n'kulithovola kumaso. Burashi, canting ndi zidindo zikhale zouma, nsalu nayonso iume gwa musanaibwezerenso pa phula mukainyika koyamba. Burashi ikhale ya ubweya weniweni, ya pulasitiki imapinimbira.

Poto akhale mbali ya dzanja limene mumalembera, kuti phula lisamadutse pamwamba pa ntchafu kapena pa dzanja linalo. M'dzanja linalo gwirani kansanza kopinda kolandirira madontho. Magolovesi a raba musavale pa gawo limeneli, chifukwa phula lotentha likagwera pa raba limasunga moto pakhungu pamene inu mukulimbana ndi kuvula.

Lamulo limene anthu amaliphwanya kawirikawiri ndi losavuta kulimva: phula lili pamoto, inu musachokepo. Foni ikalira m'nyumba, mlendo akaodira, phulani kaye. Ogwiritsa ntchito hotipuleti akumbukire kuti magetsi akathima ayenera kuzula pulagi. Magetsi amabwera osaodira, mwina inu mwapita kumsika kapena mwagona, poto wa phula ali pompo.

Phula likayaka

Musathire madzi. Ndibwerezenso chifukwa dzanja limathamangira ndowa mutu usanaganize: musathire madzi. Amaphulika pansi pa phula n'kumwaza moto pakhonde ponse ndi pa inu nomwe. Musanyamulenso poto woyaka kuti mukamtaye kutali, anthu ambiri amapsa akuthamanga naye.

Tengani chivundikiro, muchilowetse cham'mbali mutabisa dzanja kuseri kwake, mutseke poto. Zimitsani magetsi kapena gasi ngati mungafikire popanda kudutsa pa lawi. Kenaka musiyeni poto mpaka azizire, osasuzumiramo, chifukwa mpweya ukalowa phula likadali lotentha limayakanso. Phula lotayikira pansi likwirireni ndi mchenga wouma. Ufa musauyese, umayaka. Zovala zikagwira moto musathamange, dzigwetseni pansi n'kugubuduka, wina akufunditseni bulangete lolemera.

Mukapsa, thirani madzi ozizira pamalopo kwa mphindi 20 zathunthu. Ndi nthawi yaitali ndipo ambiri amasiyira pa ziwiri, koma kutentha kumapitiriza kulowa mkati ngakhale pamwamba pazizira. Vulani mphete ndi zibangili dzanja lisanatupe. Phula louma pakhungu likamachoka lokha lichoke, koma likamamatira musalisupule, mungachotse ndi khungu lomwe. Musapake mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira, dothi kapena phulusa, ndipo matuza musaboole. Phimbani ndi pulasitiki yoyera kapena nsalu yoyera yosatuluka ubweya. Bala loposa chikhatho cha wopsayo, bala la kumaso, m'manja, m'mapazi, pamfundo kapena kumalo obisika, komanso kupsa kulikonse kwa mwana wamng'ono, n'kwa kuchipatala tsiku lomwelo. Zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi mbali yosamalira anthu opsa, koma yambirani chapafupi.

Chachinayi: kusakaniza utoto

Utoto wa batiki uyenera kukhala wogwira m'madzi ozizira kapena ofunda pang'ono, apo ayi phula lisungunuka. Mitundu imene mungakumane nayo ilipo iwiri, ndipo kuopsa kwake n'kosiyana. Pogula funsani wogulitsa kuti utotowo umayenda ndi mankhwala ati. Akati mchere ndi soda ash (ufa woyera wokhwimitsira utoto, wosiyana ndi soda wophikira), umenewo ndi mtundu wa reactive, monga Procion MX amene adayamba kugulitsidwa mu 1956. Akati caustic soda ndi hydros, umenewo ndi wa vat. Kapepala kopanda dzina, kongomangidwa m'jumbo, kamene wogulitsa sangakuuzeni kuti muli chiyani, kasiyeni.

Kwa wongoyamba, ine ndimati reactive. Soda ash amaumitsa khungu ndipo amalasa m'maso, koma sadya mnofu ngati caustic soda. Choopsa chake chenicheni ndi fumbi la utotowo ukadali ufa. Ndi lopepuka kwambiri, limauluka mukangotsegula paketi, ndipo munthu akamalipuma kawirikawiri thupi limayamba kudana nalo. Zikafika pamenepo, kafumbi kochepa kokha kamayambitsa kuyetsemula, kubanika kapena mphumu, ndipo nthawi zambiri vutolo silichoka. Ngoziyi siioneka tsiku loyamba, n'chifukwa chake anthu amainyozera.

Chitani chonchi. Valani masiki ya N95 kapena FFP2 yogwira bwino pamphuno. Zansalu zija tinkavala nthawi ya Covid-19 sizitseka fumbi losalala chotere. Tengani katoni, muigoneke cham'mbali, muyalemo nyuzipepala zonyowa, ndipo utoto muuyezere mkati mwakemo kuti wotayika ugwere ponyowa. Pagawo lokhali bisalani ku mphepo ndipo fani ikhale yozimitsa. Thirani timadzi pang'ono pa ufawo, takasani mpaka ukhale phala, kenaka wonjezerani madzi otsala. Tsekani paketi nthawi yomweyo. Ufa ukatayika musasese ndi tsache, pukutani ndi nsanza yonyowa n'kuitaya. Utoto ukasungunuka m'madzi fumbi latha, masiki mutha kuvula, koma magolovesi ayi.

Amene ali kale ndi mphumu, komanso mayi woyembekezera, asiyire wina ntchito yoyeza ufa.

Caustic soda ndi hydros

Utoto wa vat umakondedwa chifukwa susuluka msanga ndi dzuwa kapena kuchapa. Susungunuka m'madzi wamba, umafuna mankhwala awiriwa kuti ulowe m'nsalu, ndipo mtundu wake weniweni umaoneka nsalu ikatulutsidwa n'kupitidwa mphepo. Mankhwala awiriwa ndi amene ali oopsa kuposa chilichonse pantchitoyi.

Caustic soda ndi yemwe uja amapangira sopo. Amadya khungu, ndipo dontho limodzi m'diso likhoza kuchititsa khungu. Chonyenga chake n'chakuti poyamba sapweteka kwenikweni, khungu limangoterera ngati lapakidwa sopo, pamene iye akulowa. Mukamugwira valani magolovesi a raba ofika m'chigongono, magalasi otseka m'mbali momwe, ndi epuloni yapulasitiki. Magalasi owerengera kapena a dzuwa sakwanira. Yesani magolovesi powauzira mpweya musanavale, obooka ndi oipa kuposa kusavala chifukwa amasunga mankhwala pakhungu.

Yambani mwathira madzi ozizira m'ndowa, kenaka caustic soda muzimuthira m'madzimo pang'onopang'ono uku mukutakasa ndi mtengo wautali. Musatembenuze dongosololi. Madzi akathiridwa pa caustic soda wouma, kapena iye akathiridwa m'madzi otentha, amawira mwadzidzidzi n'kuthovokera kumaso. Ndowa itentha yokha, zimenezo n'zoyembekezereka. Nkhope ikhale kumbali, osati pamwamba pa ndowa.

Nkhani ya aluminiyamu ija ndi iyi: caustic soda amadya aluminiyamu, n'kutulutsa mpweya wa hydrogen umene umayaka, ndipo poto amatha kubooka mankhwala ali momwemo. Ndowa za malata nazonso sizifunika. Pulasitiki yolimba kapena chitsulo chosachita dzimbiri ndizo zoyenera.

Hydros, amene pa paketi amalembedwa sodium hydrosulphite, ndi ufa woyera wonunkha sulufule. Akanyowa pang'ono amatentha yekha, mpaka akhoza kuyatsa pepala kapena nsanza zimene zili pafupi, ndipo amatulutsa mpweya wa sulphur dioxide umene umabanikitsa. Masiki ya fumbi siitseka mpweya umenewu, chimene chimateteza ndi kukhala panja, kumene mphepo ikuchokera. Mutungeni ndi supuni youma, tsekani chitini msanga, ndipo gulani wochepa wongokwanira ntchito, makamaka nyengo yadzinja pamene chinyontho chili ponseponse. Musamusakanize ndi Jik, viniga kapena mankhwala ena otsukira.

Mankhwalawa akagwera pakhungu, vulani chovala chonyowacho n'kutsuka ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 20, mpaka kuterera kutha. Ngati ndi ufa wouma, yambani mwausasa ndi nsalu youma musanathire madzi. Akalowa m'diso musadikire kanthu: pendeketsani mutu kuti diso lovulala likhale kumunsi, tsegulani zikope ndi zala ngakhale zikukana, wina azithira madzi oyera mosalekeza kwa theka la ola, kenaka kuchipatala ngakhale ululu utachepa. Musathire mandimu kapena viniga poganiza kuti ziphe mphamvu ya soda.

Wina akameza, musamusanzitse. Mankhwalawo awotcha kummero potsika, ndipo awotchanso pokwera. Musamumwetse mafuta, madzi a mchere kapena mandimu. Mutsukeni mkamwa ndi madzi n'kuthamangira naye kuchipatala mutanyamula paketi ya mankhwalawo. Ana amene amapulumuka atamwa caustic soda kawirikawiri amatsala ndi kummero kopanikizika, osatha kumeza nsima, ndipo chithandizo chake chimatenga nthawi yaitali.

Chachisanu: kunyika

Gawo ili ndi lofatsa mukatsata zapitazo. Nyowetsani nsalu ndi madzi ozizira, ilowetseni mu utoto pang'onopang'ono kuti isathovole, muziitembenuza ndi mtengo. Miyezo ya mchere ndi mankhwala tsatirani ya pa paketi, kuwonjezera soda sikuwalitsa mtundu, kumangodya phula ndi manja. Musadye, musamwe, musasute, ndipo foni musaigwire ndi magolovesi. Ndowa ya utoto isatsale yokha yosavundikira ngakhale kwa kamphindi, pakuti mwana wokwawa amamira m'madzi ochepa, ndipo madzi ofiira kapena achikasu kwa iye ndi chakumwa.

Utoto ukakudetsani manja musauchotse ndi Jik kapena petulo. Sambani ndi sopo, pakani mafuta, udzasuluka wokha m'masiku ochepa. Tsukani magolovesi muli chivalire musanawavule.

Chachisanu ndi chimodzi: kuchotsa phula

Moto wabweranso, ndipo anthu amafika pano atatopa, akufunitsitsa kuona maluwa awo. Njira yabwino ndi kuwiritsa. Tsukani kaye nsalu m'madzi ozizira mpaka mankhwala atachoka. Tengani poto wamkulu wa ntchito yomweyi, madzi asapitirire magawo awiri mwa atatu, onjezani kasopo pang'ono, ndipo akhazikike pa mafuwa kapena pa mbaula yosagwedera. Phula limasungunuka n'kuyandama pamwamba. Moto ukhale wofatsa, chifukwa madzi akasefukira amatsika ndi phula kukagwera pa makala.

Musavuule nsalu kudutsa m'phula loyandamalo, ingatolenso lomwe mwachotsa, ndiponso nsalu yonyowa yotentha ndi yolemera, imakoka poto. Ikanikizeni pansi ndi mtengo kapena mwala woyera, zimitsani moto, siyani zizizire. Phula lidzauma pamwamba n'kukhala chimbale chimene mungachinyamule ndi manja. Liyanikeni mpaka liume kotheratu musanadzalisungunulenso, chifukwa madzi obisala mkati mwake ndi omwe aja amathovola.

Ena amasita nsalu pakati pa mapepala kuti phula lilowe m'mapepalamo. Zimatheka pa kansalu kakang'ono, koma utsi wake ndi wambiri ndipo phula lonse silichoka. Mukasankha njirayi chitirani panja, simbi isatenthe mpaka kufukitsa, ndipo ikhale yamagetsi. Simbi yamakala pamwamba pa mapepala odzaza phula ndi kuitana moto. Mapepalawo musawaunjike pafupi ndi mbaula. Pali enanso amene amatsuka phula lotsalira ndi petulo kapena thinara. Musayese. Nthunzi ya petulo imayenda chapansipansi mpaka kukapeza moto uli patali, n'kubwerera nawo ku beseni.

Chachisanu ndi chiwiri: kutaya ndi kusunga

Madzi a utoto asatayidwe mumtsinje, m'ngalande yopita kudambo, m'dimba, kapena pabwalo pamene ana amasewera ndi nkhuku zimamwa. Kumbani dzenje lakelake, kutali ndi chitsime kapena mjigo mamita osachepera 30 monga zimakhalira ndi chimbudzi, ndipo likhale kumunsi kwake. Sungunulani madziwo ndi ena ambiri musanathire, kenaka kwirirani ndi dothi. Madzi a vat asiyeni kaye panja, pamalo otchinga, kuti mphamvu ya hydros ithe ndi mphepo. Phula musalithire m'sinki, limauma m'mapaipi.

Mankhwala otsala asungidwe m'mapaketi awo, mkati mwa chidebe chapulasitiki chotseka bwino, cholembedwa dzina ndi mawu akuti POIZONI, m'bokosi lokiya, pamalo ouma. Osati m'botolo la Sobo, osati m'chitini cha mkaka kapena cha shuga, ngakhale kwa usiku umodzi. Caustic soda wosungunula ndi woyera ngati madzi akumwa, ndipo wouma akhoza kusokonezeka ndi soda wophikira therere. Uzani aliyense pakhomo, kuphatikizapo wantchito ndi agogo osaona bwino, kuti bokosilo muli chiyani. Mapaketi otha atsukeni, muwaboole, kuti wina asawatole n'kusungiramo mchere.

Nsalu yomalizidwa ichapeni payokha ndi sopo kangapo mpaka madzi atayera musanaivale kapena kuigulitsa, makamaka ngati idzaberekera mwana.

Pofuna kuphunzitsa ana

Ana amakopeka ndi ntchitoyi, ndipo pali njira yowalowetsamo popanda phula. Ayoruba a ku Nigeria ali ndi nsalu yotchedwa adire eleko imene amatchinga utoto ndi phala la chinangwa, ndipo ku Zimbabwe amisiri amagwiritsa ntchito phala la ufa wachimanga, mwakuti nsaluzo amazitcha batiki wa sadza. Phikani phala losalala la ufa woyera, wa kondowole kapena wa tirigu, lizizire, mulithire m'botolo lapulasitiki loboola pachitsekero kuti ana azifinya pojambula. Yanikani padzuwa mpaka liume gwa. Phala silipirira kumizidwa nthawi yaitali, choncho utoto umapakidwa ndi burashi pamwamba, ndipo ukauma phalalo limapalidwa ndi mpeni wobuntha kapena kusupulidwa ndi zala. Utotowo asakanize ndi wamkulu, kutali ndi anawo, ndipo ukhale wa reactive kapena penti ya nsalu yogula yosungunula kale. Anawo avale magolovesi, ndipo phala lopalidwa, popeza lamwa utoto, likwiriridwe m'dzenje lija nkhuku zisanalipeze.